Kuyenda Wapansi mu Mzinda wa Zomba Loweruka ndi Lamlungu

Mzinda wa Zomba unamangidwa m'nthiti mwa phiri. Msika ndi depoti ya basi zili kumunsi, nyumba zakale za boma zili chakumtunda, ndipo pamwamba pa zonsezi pali phiri lenilenilo, lomwe nsonga yake yaitali, ya Malumbe, imapitirira pang'ono mamita 2,000 kuchokera pamene palekeza madzi a nyanja yamchere. Tawuni yeniyeni ili pa mamita 900 ndi kanthu. Choncho munthu amene akufuna kuuona mzindawu ndi mapazi ake ayenera kuiwala kaye mawerengedwe a ku Lilongwe kapena ku Salima, kumene makilomita asanu amatanthauza ola limodzi basi. Ku Zomba chimene chimadya nthawi ndi mphamvu ndi chikweza, ndipo ulendo wonse wa masiku awiriwa uyenera kukonzedwa poyang'ana chikwezacho.

Anthu okwera mapiri ali ndi kawerengedwe kosavuta kamene kamathandiza. Pa makilomita 5 alionse ikani ola limodzi, kenako pa mamita 600 alionse amene mukwere onjezani ola lina. Ngati simunazolowere mapiri, kapena pagulu panu pali ana ndi achikulire, tengani nthawi imene mwapezayo n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwachitsanzo, njira ya makilomita 4 yokwera mamita 550 imatenga pafupifupi ola ndi mphindi 45 kwa munthu wozolowera, koma kwa ambiri, kuphatikiza kupuma, ndi maola awiri ndi theka. Mapu a pafoni amaonetsa kutalika kwa njira koma sauza mawondo anu zimene akumane nazo, n'chifukwa chake anthu ambiri amalonjezana kukumana pamwamba 9 koloko n'kukafika 11.

Nyengo ndi kasanjidwe ka masiku

Miyezi yabwino kwambiri ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Njira zimakhala zouma, dzuwa silipweteka, ndipo kumwamba kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje bwinobwino. Vuto la miyezi imeneyi ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi chifunga zimene zimatha kukuta phiri masiku awiri kapena atatu. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, utsi wa moto wa kutchire umabisa zakutali, ndipo kuphiri kumabuka moto wolusa m'nkhalango za paini. Kuyambira Disembala mpaka Malichi n'kobiriwira ndipo mathithi amadzaza, koma dothi lofiira limaterera ngati sopo ndipo mvula ya mabingu imakonda kubwera chakumasana. Nthawi ya dzinja kwerani phiri pokhapokha ngati kwagona kosagwa mvula, ndipo mvula ikagwa masiku angapo motsatizana musayerekeze n'komwe, chifukwa dothi la m'mphepete mwa phiri likakhuta madzi limagumuka.

Phiri likwereni Loweruka, tawuni muiyende Lamlungu. Ena amaganiza zoyamba ndi tawuni kuti miyendo izolowere, koma kutero n'kudzimana mpata. Loweruka simukuthamangira basi yobwerera kwanu, ndipo mukadzuka n'kupeza phiri lakutidwa ndi chifunga mukhoza kusinthanitsa masikuwo. Mukaika phiri Lamlungu ndiye kukachita chifunga, ulendo wathera pomwepo.

Zonyamula

Yambani ndi nsapato, chifukwa ulendo wambiri umawonongekera kumapazi. Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba. Valani zimene mwayendapo kale kwa masabata osachepera awiri, za zingwe, zokhala ndi mano pansi. Zikakhala zothera pansi mpaka kusalala, zikugwetsani pa masamba ouma a paini. Kutsogolo kwa chala chachikulu kuzitsala mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja, apo ayi potsika zala zizigunda nsonga ya nsapato mpaka chikhadabo kuda n'kudzazuka pakapita masabata. Wengani zikhadabo Lachitatu kapena Lachinayi, osati m'mawa wa ulendo. Masilipasi ndi nsapato za pulasitiki ndi zovala madzulo mukabwerako. N'zoona kuti mukumana ndi amayi osenza nkhuni akutsika phiri lomweli atavala masilipasi, koma iwo njirayo anaiyamba ali ana ndipo mapazi awo amadziwa mwala uliwonse.

Masokosi akhale okhuthala, mapeya awiri pa tsiku. Matuza amabwera khungu likanyowa ndi thukuta n'kumakhulana ndi nsapato, ndiye kusintha masokosi mukafika pamwamba kumapulumutsa zambiri. Tengani pulasitala wa nsalu mpukutu umodzi, ka Vaseline, ndi bandeji yotamuka imodzi pagulu lonse.

Madzi muwerengere theka la lita pa ola lililonse loyenda. Tsiku la phiri munthu mmodzi asanyamule ochepera malita awiri, ndipo mu Okutobala atatu. Madzi a m'timitsinje ta kuphiri amaoneka oyera ndipo ndi ozizira bwino, koma kumtunda kwake kumakhala anthu ocheka matabwa ndi nyama, choncho musamwe osathira mankhwala. Ikani m'chikwama mapaketi awiri a Thanzi ORS. Mukawasowa, sakanizani lita imodzi ya madzi aukhondo ndi masupuni ang'onoang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Kamba wa panjira akhale wosavunda ndi wosalemera: mtedza wokazinga wothira mchere, nthochi, mbatata yophika kapena yootcha, mazira owiritsa, buledi. Kuphiri kumazizira kuposa m'tawuni, chifukwa kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, ndipo mphepo ikaomba pa malaya onyowa ndi thukuta munthu amanjenjemera ngakhale dzuwa likuwala. Nyamulani juzi, jekete yosalowa madzi ndi malaya ena ouma. Amayi chitenje chisatsale. Chimakhala mpando, chofunda, ngakhale chomangira mwendo wobinya. Onjezani chipewa, tochi yeniyeni yosadalira foni, ndi ndalama zapepala zing'onozing'ono, popeza kuphiri netiweki imabwera n'kuthawa ndipo simungadalire Airtel Money kapena Mpamba paliponse. Zonsezi zilowe m'chikwama chobereka kumsana cha malamba awiri, manja atsale opanda kanthu. Chikwama chikapitirira makilogalamu 6 kapena 7, mwanyamula zosafunika.

Lachisanu madzulo

Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita osakwana 70 pa msewu wa M3, kudzera ku Namadzi ndi Thondwe. Ochokera ku Lilongwe kapena ku Mangochi amalowera ku Liwonde ndi Domasi. Yesetsani kufika kusanade kuti mupeze malo ogona mukuona. Posankha malowo funsani funso limodzi limene ambiri amaiwala: kodi ali kumunsi kwa msewu waukulu kapena kumtunda? Malo a kumtunda amakuchepetserani chikweza cha m'mawa, koma chakudya chotchipa ndi minibasi zili kumunsi. A ku Matawale kapena ku Chinamwali ndi otalikirako, ndiye muyenera kuwerengera kabaza m'mawa.

Madzulo omwewo pezani wokuperekezani. Eni malo ogona ambiri amadziwa anyamata operekeza alendo kuphiri, ndipo ena amapezeka pafupi ndi hotela ya Ku Chawe pamwamba. Gwirizanani zinthu zinayi musanagone: mtengo, ngati mtengowo ndi wa gulu lonse kapena wa munthu mmodzi, malo enieni amene mukafike, ndi ola lokumana. Musaone ngati kutaya ndalama. Phiri la Zomba lili ndi tinjira tambirimbiri ta otola nkhuni ndi ocheka matabwa, tofanana tonse, ndipo malo amene chaka chatha panali nkhalango chaka chino mukhoza kupeza zitsa zokhazokha. Kuyenda ndi munthu wodziwika m'deralo kumatetezanso kwa akuba amene nthawi zina amadikirira alendo oyenda okha m'njira za zii. Uzani a pamalo ogona njira imene mutenge ndi nthawi yobwerera. Idyani nsima yokwanira, mowa muusiye, foni igone pa chaja.

Loweruka: kukwera

Nyamukani 6 koloko m'mawa, ndipo m'miyezi yotentha 5:30. Imwani tiyi ndi kudya pang'ono, osati kukhuta. Pali njira ziwiri zofikira pamwamba. Yoyamba ndi msewu wa tala wopita Ku Chawe, wokhotakhota, wautali koma wosaimirira kwambiri. Yachiwiri ndi njira yachidule yotchedwa Potato Path, imene imapatuka pa msewuwo kumtunda kwa tawuni n'kukwera molunjika m'nkhalango. Dzinali linabwera chifukwa cha alimi amene ankatsitsira mbatata ya kachewere ku msika podzera mmenemo. Njirayi ndi yoimirira ndipo imakweza munthu mamita oposa 500. Ngati kwauma, kwerani pa Potato Path n'kudzatsika pa msewu. Ngati kwanyowa, msewu popita ndi pobwera pomwe.

Cholakwika chachikulu chimachitika m'mphindi 20 zoyambirira. Thupi likadali ndi mphamvu, anthu amayamba ndi liwiro la m'tawuni, kenako mtima umagunda ngati ng'oma, phuma limakwera, ndipo ntchafu zimalemera ulendo usanafike pena paliponse. Yambani pang'onopang'ono mpaka muzione ngati mukuchedwa. Muyeso wake ndi uwu: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu osadukiza ndi wefuwefu, mwafulumira. Ponyani mapazi pafupipafupi, phazi lonse lizitera pansi osati zala zokha, chifukwa kuyendera zala kumatopetsa akatumba msanga. Pamalo oimirira kwambiri, mukaponda ndi mwendo wakutsogolo, wongolani wakumbuyo kwathunthu kwa kamphindi kuti mafupa asenze thupi minofu ipume. Pakakhala potambalala, yendani mokhotakhota m'malo molunjika.

Amene amayenda pang'ono kuposa onse ndiye akhale patsogolo, pambuyo pa woperekeza. Othamanga akatsogola amadikira mnzawo pamthunzi, iye akangofika iwo n'kunyamuka, ndipo wotopayo sapuma mpaka kugonja. Pumani mphindi zisanu pa mphindi 30 zilizonse, mutaimirira kapena mutatsamira mtengo. Kukhala pansi nthawi yaitali kumaziziritsa minofu. Imwani madzi pang'onopang'ono pa kupuma kulikonse osadikira ludzu. Mukangomva kutentha pachidendene kapena pachala, imani pomwepo, vulani nsapato, pukutani, matani pulasitala. Mphindi zitatu zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi thuza lophulika pamene kwatsala makilomita 10.

M'njiramo mukumana ndi anthu akutsika ndi mitolo ya nkhuni, matabwa pamutu, ena madengu a zipatso. Munthu wosenza katundu potsetsereka sangaime mwadzidzidzi, ndipo thabwa lalitali limazungulira iye akakhota. Patukani msanga, muime mbali ya kuphiri osati ya kuphompho, mupereke moni: “Zikomo mayi, dutsani.” Musawajambule osapempha. Pofunsa njira, yambani ndi moni wathunthu, ndipo yankho lakuti “ndi pompano” mulilandire mwaulemu koma mufunsenso kuti, “Pepani bambo, kwa ife alendo zingatenge mphindi zingati? Chikweza chatsala chambiri?” “Pompano” pa munthu wa kuphiri ndi ola lathunthu kwa munthu wa mu ofesi.

Pamwamba

Mukatulukira pafupi ndi Ku Chawe, pa mamita pafupifupi 1,500, vulani malaya onyowa muvale ouma musanayambe kuzizidwa, sinthani masokosi, idyani. Apa ndi pamene pamakhala ogulitsa ziboliboli, miyala yonyezimira ndi zipatso za kuphiri: sitiroberi, mabulosi ofiira ndi achikasu, magalagadeya, malinga ndi nyengo. Zipatso zitsukeni ndi madzi anu akumwa. Anyani ndi apusi a kuno anazolowera anthu, ndipo jumbo ya pulasitiki m'manja amaidziwa kuti muli chakudya. Bisani zonse m'chikwama, musawaponyere kanthu, ndipo nyani wamkulu akayandikira bwererani m'mbuyo modekha osamuyang'anitsitsa m'maso.

Tsopano sankhani, ndipo musankhe modzichepetsa, chifukwa miyendo yomweyi iyenera kukutsitsani. Kwa oyamba kumene, ulendo woyenera ndi wa ku damu la Mulunguzi, kenako kutsata mtsinje chokwera mpaka ku mathithi a Williams, n'kubwerera. Njirayi ili ndi mthunzi, chikweza chake n'chofatsa, ndipo mumayenda mukumva madzi. Damuli ndi limene limamwetsa mzinda wonse, choncho si losambamo kapena kuchapamo, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo. Pa mathithi samalani ndi miyala yakuda yonyowa. Ndere zake sizioneka koma zimaterera kuposa matope.

Amene mphamvu zilipo ndipo afika pamwamba isanakwane 9 koloko akhoza kupitirira kum'mawa, ku Queen's View ndi Emperor's View. Malo oyambawo anatchedwa choncho atachezako mayi a Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain mu 1957, achiwiriwo atachezako Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Mukaima pamenepo mzinda wonse uli kumapazi anu, madenga a malata akunyezimira, chigwa cha Phalombe chitayalidwa mpaka ku Mulanje, nyanja ya Chilwa ikuoneka ngati mbale yosazama. Kumeneko n'kumene munthu amamvetsa chifukwa chake mzindawu unakula motsata tsinde la phiri. Werengerani maola anayi kapena asanu kupita ndi kubwerera Ku Chawe.

Chingwe's Hole, dzenje lakuya la kumadzulo kwa phiri limene anthu amasimba kuti kalekale ankaponyamo anthu, musaliphatikize tsiku limene mwakwera wapansi kuchokera m'tawuni. Ndi kutali. Ofuna kukafika kumeneko, kapena pa nsonga ya Malumbe, akwere galimoto kapena njinga yamoto mpaka Ku Chawe m'mamawa n'kuyambira pamenepo.

Musananyamuke pamwambapo gwirizanani ola lotembenuka, ndipo likakwana tembenukani ngakhale malo amene mumafuna akuonekera patsogolo. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:15, mu Disembala chitangopitirira 6 koloko, ndipo m'nkhalango mdima umafika msanga kuposa pamtetete. Kutsika wapansi kuyambike isanakwane 2:30 masana.

Chifunga chikakupezani, gulu lisabalalike; aliyense aziona amene ali patsogolo pake. Khalani pa msewu wa fumbi wa galimoto za matabwa, tinjira tachidule mutisiye, ndipo musayandikire m'mphepete mwa phiri kumene maphompho amayamba mosachenjeza. Mukasokera, bwererani pamalo omaliza amene mukuwadziwa. Musatsate mtsinje chotsika poganiza kuti ukufikitsani m'tawuni, pakuti mitsinje ya kuno imatsika phiri podumpha matanthwe. Mabingu akayamba, chokani pa nsonga ndi pamalo oonera patali, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ndipo tsikirani pamalo otsika. Kukaoneka utsi wa moto wolusa, kumbukirani kuti moto umathamanga pokwera phiri kuposa potsika, ndiye musathawire kumtunda kwake. Pitani chammbali, ku msewu kapena kumene kwapsa kale.

Kutsika

Anthu ambiri amavulala potsika, osati pokwera. Minofu yatopa, maganizo ali kale pa nsima, ndipo phazi lililonse limatera ndi kulemera koposa kwa poyenda pathyathyathya. Musanayambe, mangitsani zingwe za nsapato, makamaka pamwamba pa phazi, kuti phazi lisamaselerekere kutsogolo. Mawondo akhale opindika pang'ono nthawi zonse. Kutera ndi bondo lowongoka n'kumene kumabweretsa ululu wa pansi pa chivundikiro cha bondo. Musatsamire kumbuyo chifukwa cha mantha, popeza mukatero zidendene zimathawa n'kugwa chagada. Thupi likhale pamwamba pa mapazi, masitepe afupiafupi. Pamalo a timiyala toyenda kapena masamba a paini tsikani chammbali ngati nkhanu. Ndodo yofika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono imachotsera mawondo katundu wambiri. Iziyamba ndiyo kutera, phazi pambuyo. Siyani mpata wa mamita atatu pakati panu kuti wina akaterereka asakokere mnzake.

Mukasankha msewu wa tala, yendani kudzanja lamanja kuti muziyang'anana ndi galimoto zobwera, poti kuno galimoto zimayenda kumanzere. Pa ngodya yobisika wolokerani mbali imene dalaivala angakuoneni ali patali. Tcherani khutu ku malole a mitengo ndi njinga zosenza nkhuni, zimene mabuleki ake potsika sagwira msanga. Zomvera nyimbo za m'makutu zikhale m'thumba.

Wina akabinya mwendo, akhale pansi, muviike phazilo m'madzi ozizira ngati mtsinje uli pafupi, mumange bandeji mosathinitsa, ndipo ngati sangathe kuponda masitepe anayi musamukakamize. Mufikitseni pa msewu muitane njinga yamoto kapena galimoto. Wina akayamba mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu, ndiye kuti madzi ndi mchere zatha m'thupi: mthunzi, kumasula zovala, ORS pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosokonekera, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga, ndipo Zomba Central Hospital ili m'tawuni momwemo. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri siisuntha, ndiye yang'anani poponda ndipo musapise dzanja m'mapanga. Munthu akalumidwa musacheke bala, musayamwe, musamange chingwe chothina; mugoneke modekha, vulani mphete ndi zothina, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. M'tchire la m'munsi nthawi ya chilimwe muli chitedze. Chikakukhudzani musakande, matani pulasitala pakhungupo n'kumatula kangapo kuti ubweya wake uchoke, kenako tsukani.

Mukafika pogona sambani, gonekani miyendo pakhoma kwa mphindi khumi, imwani madzi mpaka mkodzo uyere. Thuza laling'ono lisiyeni losaboola, mungoliphimba. Lalikulu lolepheretsa kuponda libooleni m'mphepete ndi singano yoyeretsedwa bwino, madzi atuluke, khungu lake musalichotse.

Lamlungu: tawuni

Mudzuka ntchafu zili gwa, makamaka potsika masitepe. Ululu umenewu umabwera chifukwa cha kutsika kwa dzulo, ndipo kuyenda pang'onopang'ono kumauchepetsa kuposa kugona. Njira yochenjera ndi kukwera kabaza mpaka kumtunda kwa tawuni n'kumayenda chotsika tsiku lonse, kukathera ku msika ndi ku depoti. Katundu musiyeni pogona kapena mupemphe kuti akusungireni.

Yambirani kumene kunali boma. Zomba inali likulu la dziko kuyambira nthawi ya atsamunda mu 1891 mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalira kuno mpaka 1994. Nyumba za nthawi imeneyo zikadalipo m'misewu ya mitengo ikuluikulu ya kumtunda: makhonde otambalala, njerwa zofiira, madenga a malata aatali. Yang'anani mmene amisiri anagonjetsera chitunda. Nyumba iliyonse inakhala pa malo osemedwa m'phiri, kumbuyo kuli khoma la miyala lotchinga dothi, kutsogolo masitepe, m'mbali ngalande zakuya zotsitsa madzi a mvula. Ngalandezi zina n'zosavundikira ndipo udzu umazibisa, choncho poyang'ana nyumba muziyang'ananso pansi. Nyumba yakale kwambiri ndi imene inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan, imene inakhala ya mkulu wa atsamunda Harry Johnston, ndipo pambuyo pake inasanduka Hotel Masongola. Nsanja zake ziwiri zosongoka zimaonekera patali.

Pafupi pomwepo pali munda wa zomera wa Botanic Gardens, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890. Polowa pamakhala kandalama kochepa. Apa musathamange. Mtsinje wa Mulunguzi, womwe dzulo munauona uli phee m'damu, umadutsa muno ukuthamanga pakati pa miyala, pansi pa nsungwi zazitali ndi mitengo imene ina ili ndi zikwangwani za maina ake. Ola limodzi ndi theka pano, mapazi ali m'mthunzi, ndi mankhwala a miyendo ya dzulo. Mvula ikagwa kuphiri mtsinjewu umadzaza mofulumira ngakhale m'tawuni kuli dzuwa, ndiye ana asasewere pa miyala ya pakati.

Potsika mudutsa bwalo la gofu ndi Gymkhana Club. Chenjezo limodzi lofunika: mu Zomba muli State House, malo a asilikali a Cobbe Barracks ndi ndende yaikulu. Malo amenewa si ojambula. Foni ibwezeni m'thumba mukamadutsa, ndipo mlonda akakuimitsani yankhani mwaulemu kumene mukupita. Chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi imene ili pafupi ndi msewu wopita ku Blantyre, chili m'dera la asilikali, choncho pemphani kaye kwa amene ali pachipata musanayandikire ndi kamera. Chili kunja pang'ono kwa tawuni. Ngati miyendo yakana, kabaza akufikitsani. Kumbali ina ya mzinda, ku Chirunga, kuli University of Malawi, imene ambiri amaitchulabe Chanco, ndipo kumeneko n'kwathyathyathya, koyenera munthu wotopa amene akufuna kuliona phiri lonse ali patali.

Kumbukirani kuti ndi Lamlungu. M'mawa misewu imadzaza ndi opita ku tchalitchi, masitolo ambiri ndi maofesi ndi otseka, ndipo nyumba ngati ya National Archives mungoiona kunja. Msika wokha sugona, ngakhale mabenchi ena amakhala opanda eni. Fikani kumeneko cha m'ma 11. Chikwama chibwere kutsogolo, ndalama zogulira zikhale m'thumba losiyana ndi la foni. Mupeza matemba ndi milamba youma ya ku Chilwa, mpunga wa m'madambo a kufupi ndi nyanjayo, kachewere ndi ndiwo zamasamba zotsika kuphiri, ndi amisiri okhoma zidebe ndi mbaula. Zolemera monga mpunga mugule pomaliza penipeni, mutadya kale, kuti musazungulire nazo. Posankha podyera, pitani pamene pali anthu ambiri ndipo chakudya chikuchoka pamoto mukuona.

Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo Lamlungu masana imadzaza mochedwa, choncho a ku Blantyre akhale pa depoti isanakwane 3 koloko, a ku Lilongwe isanakwane 12. Pemphani mpando umene mungathe kutambasula miyendo, masulani zingwe za nsapato chifukwa mapazi amatupa mukakhala nthawi yaitali, ndipo botolo la madzi likhale pamiyendo osati m'chikwama chimene kondakitala wachiponya kumbuyo.